Nangozo, nyali zakozo tisaziulutse pa Domwe

Nangozo mwanangu,

Ndikhulupirira uli bwino ku Teteko, ngakhale ndikudziwa kuti mwezi uno dzuwa la kumeneko silisewera. Kuno tadzuka tonse, kupatula agogo ako amene bondo likuwavutabe, koma pakamwa pokha ali bwinobwino: akuti pa ukwati wako adzavina ndi ndodo yomwe. Chimera tayanika kale, nkhuni anyamata atuta, ng'ombe ya ndiwo bambo ako aisankha, ndipo amayi a msindo ayamba kukumana madzulo kuti nyimbo zisadzawathawe pamaso pa alendo. A kuchimuna adatumiza ankhoswe awo sabata yatha, zonse zidatha mwamtendere. Chatsala ndi chimodzi, ndipo ndicho chandigwiritsa cholembera.

Katoni ya nyali zouluka ija idafika ndi msuweni wako wa ku Johannesburg. Ili m'chipinda mwanga, pamwamba pa kabati, pomwe ana sangafike. Kanema amene udanditumizira pa WhatsApp ndamuonera, ndipo sindikubisira, n'zokongola: mkwati ndi mkwatibwi atagwirana, thambo lonse litadzaza ndi timoto tokwera pang'onopang'ono. Ndikumvetsa chifukwa chake mtima wako udakomedwa. Koma ine azakhali ako ndikukana. Nyali 100 zimenezi zisayatsidwe pa Domwe mu Okutobala, ngakhale imodzi. Bambo ako sangakuuze. Chibadwire chako mlongo wangayo sadziwa kukukaniza kanthu, amangokanda m'mutu n'kunena kuti tiona. Ndiye ndalankhula ine, ndipo ndalemba poyera dala, chifukwa ndamva kuti anzako ena a ku Ulongwe ndi ku Dedza ayamba kufunsa kumene udazigula.

Ndidatulutsa imodzi n'kuiyala pamphasa kuti ndione chimene tikukambirana. Ndi thumba la pepala lopyapyala kwambiri. Kukamwa kwake kuli mkombero wa nsungwi, pamkomberopo apingasa tiwaya tiwiri, ndipo pamene tiwayato takumana amangirirapo kachigamba konyikidwa m'phula la kandulo. Ukayatsa kachigambako, mpweya wa m'thumba umatentha n'kupepuka kuposa wakunja, thumba limafufuma, kenaka limayamba kukoka m'manja mwako, iwe n'kulitaya. Kuyambira pamenepo ulibenso ulamuliro pa ilo. Lilibe chingwe, lilibe chiwongolero, lilibe pozimitsira. Pachikuto alembapo kuti nyali imatsika yokha phula likatha, itazima kale. Zimatero usiku wabata, pamalo opanda mitengo, pepala litamatidwa bwino kufakitale, woyatsayo ali wosaledzera. Pa zinthu zinayi zimenezi, tandiuza chimene tingalonjeze pa ukwati wa kwathu kuno.

Mphepo ikaipendeketsa, mpweya wotentha uja umathawira kukamwa, nyali imayamba kutsika moto ukadali lawilawi. Nthawi zina lawi limanyambita pepala kumwamba komweko, chonsecho n'kugwa chikuyaka, phula likudontha. Zina sizikwera n'komwe, zimakakodwa m'nthambi za bulugamu kapena padenga loyandikira. Ngakhale lawi litazima, kachigamba kaja kamatsala ndi khala, ndipo udzu wa Okutobala sufuna zambiri. Uganizirenso kumene tili. Phiri lathuli limapitirira mamita 2,000, ndipo midzi yathu ili pamwamba kutalitali poyerekeza ndi Tete kapena Beira. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka kale, choncho mphamvu yonyamula thumba lija imachepa. Nyali imene kugombe la nyanja ingakwere msanga, kuno ikhoza kumangoyandama chapansipansi, pa msinkhu wa madenga. Za mphepo ukudziwa wekha, udakulira pano. Pabwalo pakhoza kukhala zii, tsamba osagwedezeka, koma pamwamba pa mitengo mphepo ikuthamanga, ndipo dzuwa likalowa mpweya wozizira umatsetsereka kuchokera m'phiri kulowa m'midzi. Woyatsa amamva mphepo ya pamene waima. Ya kumene nyali ikupita saidziwa.

Tiye tiyende limodzi m'maganizo, kuchoka pabwalo la bambo ako kutsata kumene utsi wa m'khitchini umalowera madzulo. Choyamba ndi bafa lathu la udzu ndi mpanda wake. Kenaka khitchini ya anansi athu, yofolera ndi udzu wa zaka zitatu, wakuda bii ndi mwaye. Kuseri kwake nkhokwe ziwiri zodzaza, chifukwa mu Okutobala banja limakhala lidakali ndi ulendo wautali wodya chimanga chomwecho, chatsopano sichibwera mpaka Epulo. Ukadutsa pamenepo upeza mitolo ya udzu imene amayi adamweta mu Juni ndi Julayi, m'mawa wozizira uja manja akuchita dzanzi, yoimikidwa pamtengo kudikira kufolera mvula isanagwe. Pali zigafa za fodya. Kudimba kuli nazale zophimbidwa ndi udzu wouma, mbewu ya mbatatesi ili m'zisakasa. M'minda ina mapesi adagonekedwa dala kuti atchinge nthaka, monga alangizi amatiphunzitsira. Makola a ng'ombe ali m'mphepete mwa mudzi, ndipo usiku zipata zake zimakhala zotseka ndi mipiringidzo. Ukapitirira pamenepo ndi tchire lokhalokha mpaka kukwera m'phiri. Mvula yeniyeni idasiya mu Epulo. Pa ulendo wonsewu, tandionetsa pamene nyali yoyaka ingatere popanda kupeza chakudya. Ndikudziwa kuti nyumba zamalata zachuluka, ya bambo akonso ndi yamalata, koma amene adakali m'nyumba zaudzu ndi ndani? Ndi agogo osiyidwa okha, amayi amasiye, mabanja ongoyamba kumene. Chisangalalo chikhala chathu, tsoka tiwasenzetsa iwo osawafunsa.

Ukafika m'phirimo, ngakhale nyumba zonse zitapulumuka, chitayiko chilipobe. Moto wa mu Meyi kapena Juni umayenda mwaulesi, umadya udzu n'kusiya mitengo. Wa mu Okutobala umatentha mpaka timitengo tongophuka kumene, umagwetsa ming'oma ya njuchi, umatha msipu wotsala pa nthawi imene ng'ombe nthiti zikuwerengeka kale. Ndiye mvula yoyamba ikagwa pa lupsa lotere, palibe choigwira. Imakokolola dothi kutsikira nalo m'timitsinje tomwe tija tothirira madimba. Mbatatesi ya m'chilimwe, imene idakulipirira sukulu iweyo, imadalira madzi amene phiri limasunga pansi pa udzu wake.

Ndipo usiku umenewo mudzi udzakhala wopanda anthu. Ichi ndicho chikundisowetsa tulo kuposa zonse. Aliyense wa miyendo yake adzakhala pabwalo pathu, ndi a midzi yoyandikana omwe. M'nyumba mudzatsala okalamba osayenda, odwala, ndi makanda ogonekedwa msanga chitseko chitakokedwa kunja. Zokuzira mawu zidzakhala zikugunda, jenereta ikulira. Wina akadzakuwa kutsidya kuti moto, adzamumva ndani? Amuna amene tikanawadalira adzakhala atayamba masese dzuwa lili paliwombo. Kuno moto ukabuka sitidikira galimoto ya ozimitsa, timathyola nthambi zamasamba n'kuthamanga, ndipo madzi a mu Okutobala ndi a pamjigo, ndowa imodzi imodzi, pamzere. Wopsa kwambiri timamufunira galimoto yopita naye ku Ulongwe, zikakula ndiye ulendo wa ku Tete, makilomita oposa 200. Pabwalo penipenipo sindinenanso: lona, nsalu zokongoletsera, zigubu za petulo wa jenereta, njinga zamoto zoimikidwa mothithikana, velo yako, mawigi a anamwali operekeza. Nyali imodzi imafuna anthu awiri kuigwira kufikira itafufuma. Nyali 100 ndiye kuti machesi ali m'manja mwa aliyense, ndi ana omwe.

Makolo athu moto ankaudziwa, sankangouopa. Mpaka lero timatentha. Koma pali lamulo limodzi limene silidalembedwe pena paliponse, mwana aliyense amalidziwa asanadziwe kuwerenga: moto uli ndi mwini wake. Wauyatsa, ukhale nawo mpaka uzime. Wofuna kutentha zinyalala m'munda amayamba walambula m'mbali, amauza eni minda yoyandikana, amasankha madzulo opanda mphepo, amaima pomwepo ndi nthambi m'manja. Mnyamata wosaka mbewa akayatsa tchire n'kuthawa, m'mawa mwake makolo ake amakhala pansi kwa anyakwawa. Nyali yakoyi idapangidwa kuti iswe lamulo limeneli. Kukongola kwake konse kwagona pa kuutaya moto, uchoke m'manja mwako upite kumene sudzautsata. Samisoni wa m'buku la Oweruza, pofuna kupsereza tirigu wa Afilisti, adamangirira miuni kumichira ya nkhandwe 300 n'kuzimasulira m'minda. Iyeyo adachitira adani ake. Ife tikufuna kuchitira anthu amene asonkha ufa ndi nkhuku za ukwati wako.

Udali wamng'ono mu Sepitembala 2008, pamene moto wolusa wokankhidwa ndi mphepo udadutsa m'zigawo za Manica, Sofala ndi Zambézia, n'kupha anthu oposa 40 m'masiku ochepa, nyumba ndi nkhokwe zambirimbiri n'kusanduka phulusa. Tidamvera pa wailesi. Udali moto wamba wa m'minda ndi m'tchire, koma nyengo yake ndi ino yomwe, udzu wake ndi womwewu. Boma nalo lidaika kale mu 1999, m'lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire, kuti kutentha tchire mwadala ndi mlandu wopita nawo kundende. Ndipo moto sudinditsa pasipoti pa Calómuè. Wochokera tsidya lino ukhoza kukadya minda ya abale athu a ku Malawi.

Mwina ukuti azakhali akukulitsa nkhani, kanyali ka pepala kangachite chiyani. Ku Germany, mumzinda wa Krefeld, usiku wolowa chaka cha 2020, mayi wina wa zaka 60 ndi ana ake aakazi awiri, akuluakulu, adaulutsa nyali zisanu zokha. Adazigula pa intaneti, osadziwa kuti dera lawolo lidaziletsa kuyambira 2009. Imodzi idakatera padenga la nyumba ya anyani kumalo osungira nyama a mumzindawo. Nyumba yonse idapsa, nyama zoposa 30 zidafa, mwa izo anyani akuluakulu aja otchedwa gorila ndi orangutan. M'nyumbamo achimpanzi awiri okha ndiwo adapulumuka. Amayiwo atamva nkhaniyo adapita okha kupolisi. Sadali zigawenga. Lidali banja lofunirana mafuno abwino a chaka chatsopano, mtima wake womwewu uli ndi iwe. Ndipo kumeneko idali nyengo yozizira, mumzinda wa nyumba zanjerwa, ozimitsa moto ali pafupi. Zisanu. Iwe uli ndi 100.

Ku Smethwick, pafupi ndi Birmingham ku England, usiku wa pa 30 Juni 2013, kamera idajambula nyali imodzi ikutera pa milu ya mapulasitiki pafakitale. Matani 100,000 adayaka, ozimitsa moto pafupifupi 200 adalimbana nawo. Koma nkhani imene ndikufuna uisinkhesinkhe kwambiri ndi ya ku Goyang, kufupi ndi Seoul ku South Korea, pa 7 Okutobala 2018. Dzulo lake madzulo pasukulu ina ya pulaimale padali chisangalalo, adaulutsa nyali. M'mawa mwake mnyamata wa ku Sri Lanka, wogwira ntchito ya zomangamanga chapafupi, adatola imodzi imene idagwa isanapse, n'kuiyatsanso mongosewera. Idauluka pang'ono chabe n'kugwera pa kapinga pafupi ndi mathanki a mafuta. Kapinga adayamba kufuka popanda woona, pasanathe mphindi 20 thanki idaphulika, malita oposa 2 miliyoni a petulo adayaka kwa maola 17. Amene adagwidwa ndi apolisi n'kuimbidwa mlandu ndi mnyamata wobwerayo. Tsono taganiza za Lamulungu m'mawa, ukwati utatha, ife tonse tili m'tulo ta kutopa. Abusa a ng'ombe, tianyamata ta zaka 9 ndi 10, akutola m'tchire nyali zakugwa, zina phula likadalipo. Adationa dzulo lake mmene timayatsira. Machesi sasowa m'thumba la mbusa. Masana a Okutobala, akamvuluvulu akuzungulira m'minda. Akadzaotcha mudzi, wokwapulidwa adzakhala iwo, oitanidwa kubwalo adzakhala makolo awo, pamene chinthucho tidabweretsa ndife.

Udandilembera kuti ku Thailand anthu masauzande amaulutsa chaka ndi chaka. N'zoona, mwambowo ndi wawo ndipo ndimaulemekeza. Ku China nyali zimenezi amazitchula ndi dzina la Kongming, katswiri wa nkhondo wa zaka za m'ma 200, amene amati ankatumizira nazo zizindikiro. Koma taona nthawi ndi malo amene eni ake adasankha. Chikondwerero cha Yi Peng ku Chiang Mai chimachitika cha mu Novembala, mvula yawo itangosiya kumene, tchire lidakali lobiriwira. Pa kalendala ya kuno ukanakhala Epulo. Ngakhale zili choncho, boma limaika maola ndi malo ololedwa, ndipo ndege zambiri zimaimitsidwa kapena kusinthidwa nthawi masiku amenewo. Ku Taiwan amaulutsira ku Pingxi, chigwa cha m'mapiri kumene mvula imagwa masiku ambiri pachaka, ndipo pambuyo pake pamakhala anthu oyenda m'mapirimo kutolera zotsalira. Kanema amakuonetsa mphindi ziwiri za kukwera. Kutsika kwake palibe amene amajambula.

Anzathu olankhula Chipwitikizi adaphunzira kale. Ku Brazil, kumene mabaluni amoto adali mbali ya zikondwerero za mu Juni kwa mibadwomibadwo, lamulo la 1998 loteteza chilengedwe lidaika kuti kupanga, kugulitsa, kunyamula kapena kuulutsa baluni yoti ingabutse moto ndi mlandu wa chaka chimodzi mpaka zitatu m'ndende, kapena chindapusa, kapena zonse ziwiri. Ku Porto, usiku wa São João wa pa 23 Juni umadziwika ndi mabaluni omwewa, koma mu 2017, patangopita masiku ochepa moto wa ku Pedrógão Grande utapha anthu 66, adaletsedwa chaka chimenecho. Moto wa ku Pedrógão sudayambe ndi baluni ayi. Akuluakulu adangoona kuuma kwa dziko n'kugamula kuti mwambo udikire. Ngati eni mwambo amatha kuuimika poona udzu, ife obwereka tiumirire chiyani?

Ukhoza kunena kuti chabwino, tidikire Disembala mvula itagwa, kapena tikaulutsire kudambo. Pamenepo ndiye ndikukumbutsa za ng'ombe. Makolo athu a Maseko, atabwerera kuchokera ku Songea, adakhazikika patsinde pa phiri lino cha m'ma 1870 motsogozedwa ndi Chidyaonga, ndipo chimodzi mwa zimene dziko lino lidawapatsa ndi msipu. Mpaka lero chuma cha pakhomo pano chili m'khola. Malowolo ako omwe adabwera akulira n'kugwedeza michira. Pepala limaola, koma tiwaya tija timatsala mu udzu. Ng'ombe sisankha podya, imakulunga udzu ndi lilime n'kumeza, kutafuna kwenikweni imachita pambuyo pobzikula. Kawaya kakalowa kamakakhazikika m'kachifu kamene kali kufupi ndi mtima, ndipo chifu chikamafinya chakudya, iko kamaboola pang'onopang'ono. Ng'ombe imayamba kukana kudya, kuonda, kuima msana utapindika, mwini wake n'kumataya ndalama pa mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka zam'mimba. Chimene chaipha chimaoneka akaitumbula. Alimi a ku Britain akhala akudandaula za zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo makhonsolo ambiri kumeneko adaletsa nyalizi pa malo awo. Zilipo zina zopanda waya, za ulusi, zimene amazitsatsa kuti siziononga chilengedwe. Zako si zimenezo, ndaona ndi maso anga, ndipo ngakhale zimenezo moto wake ndi womwewo.

Tsono tinene za mlandu, chifukwa ndine wamkulu ndipo ndakhalapo pa mabwalo ambiri. Nkhokwe ya munthu ikapsa usiku wa ukwati wako, palibe adzafunse kuti idali nyali ya m'manja mwa yani. Adzati moto wa pa ukwati wa mwana wa uje. Bambo ako adzalipa, ndipo adzalipa ndi ng'ombe zomwe zija za malowolo. A kuchimuna adzabwerera kwawo ndi nkhani imeneyo, ulemu umene tidawalandira nawo utaiwalika. Chimanga chimalipika. Koma pakadzapsa munthu, mwanangu, palibe khola lingakwanire, ndipo ukudziwa mmene anthu akwathu ena amaganizira: sadzanena za mphepo ndi phula, adzafuna amene adatuma motowo, ndipo chala chidzaloza nkhalamba ina yosalakwa. Pamudzi pano ukwati umakumbukika ndi chimene chidachitikapo, mpaka ana obadwa chaka chimenecho amawerengera zaka zawo pomwepo. Iwe udzabwerera ku Tete Lolemba. Bambo ako ndi ine tidzatsala kutunga madzi pa mjigo umodzi ndi anthu amenewo.

Pali mawu amene udalemba pansi penipeni pa uthenga wako, akuti nyali yoyamba ukufuna ikhale ya malemu amayi ako, kuti nawonso akhalepo. Cholinga chimenecho sindikuchikana, ndipo wina asakuuze kuti n'chachibwana. Koma mlamu wangayo ndidakhala naye khomo limodzi zaka zambiri. Ndi mayi amene sankagona asanathire phulusa pa makala, amene ankadzuka pakati pa usiku kukasuzumira kukhitchini akangomva fungo la utsi, amene adakukwapula ndi kanthambi ka pichesi tsiku lija unkathamanga ndi nsakali pakati pa nkhokwe. Akanakhala moyo, katoni imeneyi ikanabwerera ku Johannesburg pa basi yomwe idabwera nayo. Ndalankhula ndi abambo mfumu, avomera kuti dzina lawo litchulidwe pa Misa ya ukwati, ndipo kandulo yawo udzayatsa iwe mwini kutsogolo, mwamuna wako ataima pambali pako. Chitenje chawo chabuluu chija ndidasunga; ngati ufuna, udzachimange m'chiuno pa nthawi ya perekaniperekani.

Ndalama zako sizidapite pachabe. Tikachotsa kachigamba ka phula, nyali iliyonse imasanduka chivundikiro chokongola cha getsi. Mchimwene wako wayesa kale ija ndidatsegula, adaikamo kababu ka batire, timene tadzaza pamsika wa Lizulu ndi ku Ulongwe, ndipo kuwala kwake n'kofewa, kosasiyana ndi kwa mu kanema muja. Tidzakoka zingwe kuchokera pa mtengo wa mapeyala kufika pakhonde, nyali zina m'mbali mwa njira imene mudzalowere, zina pa nsungwi zazitali kuti wojambula akagwada pansi azione zili m'mwamba. Zimenezi zidzawala usiku wonse, osati mphindi zowerengeka, ndipo m'mawa tidzazipinda titaziwerenga kuti zakwana, mng'ono wako adzazipeze nthawi yake ikafika. Kunena zoona, sindikhulupirira kuti alendo adzayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Amalume ako akonza ngoma, zikopa ndi zishango zatuluka kale m'matumba, ndipo amuna 30 akadzaponda pansi nthawi imodzi, amayi nthungululu zili pakamwa, a ku Tete aja mafoni awo adzaloza kumeneko.

Komiti ya ukwati ikumana Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, ndipo ndalama za zingwe, nsungwi ndi mabatire ziyenera kuwerengedwa tsiku lomwelo. Undiimbire lisanafike, cha kumadzulo, ndidzakwera pachulu pomwe netiweki imagwira bwino. Phula sindinalichotse pa nyali zotsalazo, chifukwa katundu ndi wako ndipo ndikufuna mawu achoke kwa iwe. Ukwiye nane ngati ufuna, masiku awiri akukwanira. Ngati amene akuumirira ndi mkamwini wathuyo, usalimbane naye wekha, umupatse foni ndilankhule naye ine. Pobwera utitengereko nsomba za Chicoa, ankhoswe a kuchimuna akuti akwawo amazikonda.

Ndine azakhali ako,
ku Domwe.